Kwa Nagama, ku Zomba

South Bend, Indiana

Nagama mnzanga,

Kalata yako anabwera nayo a Phiri pamodzi ndi kambuzi uja, zikomo. Nditangoona kuti walemba papepala m'malo mwa WhatsApp ndinadziwiratu kuti pali mlandu. Ukuti mayi a Chisomo akuuza kuti ndasanduka pulofesa, kuzochitika za Amalawi sindikuonekanso, ndikungoyenda ndi azungu okalamba. Chabwino, umve mbali yanga. Koma choyamba dziwa kuti poto wanga wamkulu ali kwa iwowo, ndipo zimenezo sanakuuze.

Kugulu akunenalo anandipititsako ndi iwo omwe. Tonse timakonzekera mayeso a unzika, aja amakufunsa kuti pulezidenti woyamba anali ndani, nthambi za boma ndi zingati. Anamva kuti ku laibulale ya kufupi kuno anthu amakumana Lachiwiri madzulo n'kumawerenga mbiri ya mmene dziko lino linayambira, ndiye anati tiye tikaloweze mayankho mwaulere. Kufika, tinapeza kuti si kalasi ayi. Palibe mphunzitsi, palibe bolodi. Ndi tebulo lalitali basi, anthu akuluakulu okhaokha. Pali a Dale, amene moyo wawo wonse ankagawa makalata m'makomo, pali Denise, nesi wachikuda wa konkuno, pali bambo wina wa ku Mexico wokhoma madenga. Wina amawerenga ndime imodzi mokweza, kenako mkangano mpaka mlonda abwere kudzazimitsa magetsi.

A Dale amati magulu oterewa ndi akale kuposa dzikoli. Benjamin Franklin anayambitsa lake ku Philadelphia mu 1727, iye ndi anzake amisiri, kukumana Lachisanu lililonse madzulo. Anasonkha mabuku awo pamodzi, ndipo mu 1731 maganizo amenewo anabala laibulale yobwereketsa mabuku. Anali ndi lamulo loti wotsutsa mnzake mwachindunji, kapena wolankhula ngati kuti choona akuchidziwa ndi iye yekha, azilipira kachindapusa. Lamulo limenelo likanakhalapo kwathu kuno, malipiro anga a shifiti ya usiku bwenzi akuthera patebulo paja.

Tsiku la mlandu timawerenga malamulo oyendetsera dziko a 1787. Nthumwi 55 zinadzitsekera m'chipinda ku Philadelphia nyengo yonse yotentha, mawindo otseka kuti za m'kati zisamveke kunja, ndipo pa 17 Sepitembala anthu 39 anasayina. Tinafika pandime yomwe anagwirizana kuti powerenga anthu kuti agawane mipando ya kunyumba ya malamulo, akapolo asanu aziwerengedwa ngati atatu. Iwe mphunzitsi, taganiza: kapoloyo savota, koma mutu wake ukuwonjezera mipando kwa amene akumugwiritsa ntchito m'munda. Patsogolo pang'ono pali ndime ina yoti boma lisaletse kubweretsa akapolo kuchokera kunja chisanafike chaka cha 1808. Ine magazi anathamanga. Ndinawauza za Jumbe wa ku Nkhotakota, mmene ankawolotsera anthu athu panyanja kupita nawo ku Kilwa. Athuwo ambiri sanabwere kuno, njira yawo inali ina, koma malonda ake ndi amodzimodzi. Kenako ndinafunsa za Thomas Jefferson, amene mu 1776 analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, koma pamoyo wake anakhala ndi akapolo oposa 600.

A Dale anafiira mpaka m'makutu. Anati m'chikalata cholengeza ufulu Jefferson anaikamo ndime yodzudzula malonda a akapolo, anaichotsa ndi anzake. Zimenezo n'zoona. Ine ndinati atabwerera kwawo ku Monticello anamasula angati? Denise anayankha yekha: awiri ali moyo, asanu m'chikalata cha masiye, ndipo atamwalira anthu pafupifupi 130 anagulitsidwa pofuna kubweza ngongole zake. Patebulo panali zii.

M'galimoto pobwerera mayi a Chisomo anaphulika. Ati kwa eni kulibe mkuwe, mapepala athu sanatuluke, ine ndikunyoza makolo a eni dziko pamaso pawo, nanga wina akakanena? Ati tinapita kukatenga mayankho, osati kukazenga milandu ya anthu akufa. Ine ndinati mayankhowo ali m'kabuku, kunyumba kwanu kalipo. Ananditsitsa pakhomo osatsanzika. Kuyambira pamenepo kutchalitchi amandipatsa moni wa kumutu.

Tsono poto. Ukumukumbuka, uja tinakagula limodzi mumsika wa Limbe, wokhuthala pansi, wophikira nsima ya anthu a pamaliro. Ndinabwera naye m'sutikesi nditadzazamo zitenje, ndinalipira katundu woonjezera pabwalo la ndege, bambo a Tadala akundinena kuti ndapenga. Anamubwereka pa chikondwerero cha 6 Julaye, tisanayambane. Mapoto a kuno, asisi, ndi opepuka, nsima imapserera isanapse, ukavundula poto amathawa pachitofu. Ndayesa ogula kusitolo ya Amwenye, chimodzimodzi. Pano ndikuphika nsima kawiri alendo akabwera, yoyamba imazizira ndikuphika yachiwiri. Ndinatuma Tadala, anamuuza kuti potoyo ali kugalaja, adzamufuna. Galaja yanji yosowetsa poto wamkulu chonchija? Nachisale wandiuza kuti anamuona paphwando la ubatizo wa mdzukulu wawo ali pamoto, chivundikiro chake chili china. Ndiye kuti chivundikiro changa chatayika. Usiku kuntchito ndikatembenuza agogo onse amene ndimawasamalira n'kukhala pampando, mmalo moganiza za ana ndimaganiza za chivundikiro.

Mayeso aja ndinakhoza, ndinalumbira, anandipatsa kambendera. Bambo a Tadala opaleshoni ya bondo inayenda bwino, akuyenda ndi ndodo. Mayi a Chisomo nawonso anakhoza, sanandiitane, ndipo ndikukhulupirira kuti mpunga wa tsikulo unaphikidwa m'poto wanga.

Chomwe sakumvetsa iwo, ndipo mwina nawenso uzizwa nacho, n'chakuti munthu amene ndinamuchititsa manyazi uja ndi amene amabwera kudzanditenga kukagwa chipale chofewa. A Dale mkazi wawo anamwalira, ana ali kutali, nyumba yonse ali okha ndi galu. Anthu amene amawavotera ine sindingawapatse ngakhale madzi akumwa. Koma Lachiwiri lotsatira anabwera ndi mapepala atalembamo ndi pensulo, ati tapitirizani pamene munalekezera paja. Timakangana njira yonse. Tsiku lina timawerenga za George Washington kusiya mpando mu 1797 atalamulira materemu awiri, popanda lamulo lomukakamiza. Onse anangodutsapo ngati nkhani wamba. Ine ndinati imani kaye. Ndinawafotokozera za Kamuzu kukhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, za riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mmene iwe ndi ine tinaimira pamzere kuja kuli mbuu, ndi za 2002 pamene bilu yochotsa malire a materemu inalephera ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti ochepa chabe. A Dale anati iwo anakula akuganiza kuti munthu kuchoka pampando n'chinthu chongochitika chokha. Usiku umenewo Washington ndinamuteteza ndine, ngakhale nayenso anali ndi akapolo ake, ndipo Denise sanachedwe kundikumbutsa.

Nditawauza kuti John Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia momwemo mwa Jefferson, asanabwerere kukayambitsa mishoni ku Mbombwe mu 1900, anachita kundifunsa kawiri. Pano akusonkha ndalama za mafuta kuti tikaone Monticello kenako tidzere ku Lynchburg. Wokhoma madenga uja poyamba akapatsidwa ndime ankati waiwala magalasi. Pano amawerenga mokweza, pang'onopang'ono, palibe womuthamangitsa. Denise ndi a Dale anabadwira mumzinda womwe uno, mbali zosiyana, ndipo amanena okha kuti pakanapanda tebulo lija sakanapatsana moni. Lero Denise amabwera ndi makina oyezera BP m'chikwama, kuwakalipira akuluwo za mchere.

Koma usaganize kuti ndikusangalala. Mwezi uno tikuwerenga za John Adams, pulezidenti amene analowa m'malo mwa Washington, ndi Jefferson. Anagwira ntchito limodzi mu 1776, anakhala limodzi ku Ulaya ngati akazembe, mabanja awo ankadziwana. Chisankho cha 1800 chinawadanitsa, moti tsiku lolumbira Jefferson, Adams anachoka mumzinda wa Washington kusanache. Zaka zoposa 10 osalemberana. Dokotala wina mnzawo, Benjamin Rush, ndi amene anavutika kunyengerera uku ndi uku, mpaka Adams analemba pa 1 Januwale 1812. Kuchokera pamenepo analemberana makalata 158, ndipo anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julaye 1826. Aliyense pagulu amaikonda nkhani imeneyi. Ine imene imandikhala pamtima ndi ya George Mason. Anali woyandikana ndi Washington ku Virginia, mnzake wa zaka zambiri. Anakana kusayina malamulo a 1787 chifukwa munalibe ndime zoteteza ufulu wa munthu, ubwenzi unazilala, ndipo anamwalira mu 1792 zinthu zisanabwerere mwakale. Ndimezo anaziwonjezera mu 1791, kusonyeza kuti sankanama, koma mnzake uja sanabwerere.

Kuno, Nagama, ukamwalira amene amayenda ndi mndandanda kusonkhetsa ndalama zotumizira thupi kumudzi ndi Amalawi anzako. Nyimbo za pamaliro a Dale sazidziwa. Pamene mayi anamwalira ine ndili kuno wopanda mapepala oyendera, amene anagona pansi pabalaza panga usiku wonse ndi mayi a Chisomo. Zimenezo sindinaiwale. Ndikawaona kutchalitchi akutembenukira kumbali, pakhosi pamandiwawa mpaka ulaliki sindiumva.

Ndiye poti iwe amakuimbira foni, udokotala wa Rush uja ndi wako. Usawauze kuti ndakutuma. Ungoyamba ndi za ana, kenako unene kuti Lachiwiri mpando wawo palibe amene amakhalapo, Denise amawafunsa. Za Jefferson usatchule. Za poto utchule, koma mochenjera, ngati kuti wangokumbuka za ulendo wa ku Limbe uja, ndipo ufunse ngati chivundikiro chake chinali cha chogwirira chakuda, chifukwa akayamba kunena kuti chinabwera chopanda chivundikiro iweyo ndiwe mboni yanga. Pepala latha ndipo basi ya kuntchito sidikira. A Phiri akubwerera mwezi wamawa, ndiwapatsira mankhwala a mawondo a amayi ako ndi nsapato za Yamikani, koma saizi yake sunandiuze, ndipo ngati wakulanso ngati chaka chatha ndiye

Ndine,
Nabanda