Ana athu aziphunzira kujambula ali panja

Akonzi,

Ndiloleni ndipemphe aphunzitsi a kuno ku Mulanje kuti azitulutsa ana m'kalasi pophunzitsa kujambula zithunzi, pakuti luso lotchuka la Impressionism, lojambula zinthu ndi utoto monga zikuonekera m'kuwala kwa nthawi imeneyo, linabadwira panja ku France. Cha m'ma 1830, akatswiri monga Théodore Rousseau ndi Camille Corot ankapita ku nkhalango ya Fontainebleau, pafupi ndi mudzi wa Barbizon, kukajambula mitengo akuiona ndi maso awo. Ntchitoyi inapepuka mu 1841 pamene John Goffe Rand anapanga timachubu tachitsulo tosungiramo utoto, moti munthu ankatha kuunyamula kupita nawo kutchire osauma. Katswiri wina wojambula, Eugène Boudin, ndiye anakopa Claude Monet, mmodzi mwa oyambitsa Impressionism, pamene Monet anali mnyamata m'tauni ya Le Havre, kuti azijambulira kugombe la nyanja, ndipo Monet ndi anzake ataonetsa zithunzi zawo ku Paris mu 1874, ambiri anaziseka, ati n'zosamalizidwa. Kunena zoona, anthuwa ankapaka utoto mofulumira dala, pofuna kugwira kuwala kwa dzuwa kusanasinthe.

Kuno chiperoni chimakuta phiri m'mawa, masana n'kuyera, ndipo minda ya tiyi imasintha maonekedwe dzuwa likapendeka, komabe ana athu akungokopera nyumba imene aphunzitsi ajambula pabolodi ndi choko.

Kholo lokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje