Kalata kwa mwana wanga amene akupita kukamenya nkhonya ku Johannesburg

Wokondedwa mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti wasayina mapepala a nkhonya ya maraundi 10 ya ku Johannesburg, ndiponso kuti amene wayendetsa zonsezi ndi mnzako uja amene amakunyamulira chikwama. Ulendowo sindikukuletsa, popeza ndiwe munthu wamkulu ndipo ntchitoyi unaisankha wekha. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene mnzakoyo akukugulitsa nawo kwa okonza nkhonya, akuti iwe sugwa ngakhale atakumenya chotani, ndipo ndamva kuti iwenso wayamba kuwanena mawu amenewa monyadira.

Kodi mnzakoyo anayeza bwanji kuti sugwa? Anyamata amene wakumana nawo kuno ambiri anali opepuka manja, ndipo kusagwa pamaso pa munthu wotero sikusonyeza kanthu. Chimene chimagwetsa munthu si ululu ayi. Chibakera chikatera kunsonga kwa chibwano kapena pambali pa nsagwada, mutu umapotoloka mwadzidzidzi, ubongo n'kugwedezeka m'kati mwa chigaza, ndipo miyendo imaleka kumvera mwini wake ngakhale mtima ukufunitsitsa kupitiriza. Khosi lolimba limathandiza, chifukwa limachepetsa kupotolokako, koma limathandiza pokhapokha ngati wachiona chibakeracho chikubwera n'kulikungiratu. Chimene sunachione chimakupeza khosi lili lofewa. Manny Pacquiao anali atapirira nkhonya zambirimbiri, koma mu 2012 Juan Manuel Marquez anamulandira ndi dzanja lamanja pamene Pacquiaoyo ankalowa kuti amenye, ndipo anagwa chafufumimba kumapeto kwa raundi 6 osadzukanso kuti apitirize. Kodi iwe ndi mnzakoyo mukudziwa chiyani chimene Pacquiao sankadziwa?

Sindikana kuti alipo anthu obadwa ndi mutu wolimba. George Chuvalo wa ku Canada anamenya nkhonya 93 osagwetsedwapo pansi, ndipo mu 1966 anatha maraundi 15 ndi Muhammad Ali. Koma anthu otero ndi osowa kwambiri, ndipo ngakhale iyeyo oyimbira anamuimitsira nkhonya pamene ankamenyana ndi Joe Frazier komanso George Foreman, ali chiimire koma akungolandira.

Ndikukudziwa bwino, mwana wanga. Uli wamng'ono unagwa mu mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini, n'kudzuka osalira, ndipo unabisa dzanja lotupa m'malaya mpaka mayi ako analiona madzulo pokusambitsa. Khalidwe lobisa ululu limeneli ndi limene ndikuliopa tsopano, chifukwa munthu wotere amakondedwa ndi okonza nkhonya, amasangalatsa oonerera, ndipo ndi amene amachedwa kupulumutsidwa. Gerald McClellan anali woopsa pomenya, moti mu 1995 ku London anamutulutsa Nigel Benn kunja kwa zingwe mu raundi yoyamba. Nkhonyayo ili m'kati anayamba kuphethiraphethira maso modabwitsa, choteteza mano chikutuluka m'kamwa, koma nkhonya inapitirira. Mu raundi 10 anagwada yekha, kenaka anakomoka pakona pake, ndipo madokotala anamuchotsa magazi oundana mu ubongo. Anapulumuka, koma saonanso.

Ukafuna kudziwa ngati wankhonya amathadi kupirira chibakera, usafunse kuti wagwapo kangati. Yang'ana zimene miyendo yake imachita akangomenyedwa, ngati mapazi akhalabe pansi bwinobwino kapena ayamba kupingasana. Yang'ana maso ake ngati akutsatabe mdani wake, ndipo uone ngati nzeru zilipo zoti amugwire mnzakeyo, azembe, adye nthawi mpaka belu lilire, m'malo moponya manja mwaukali kuti anthu asaone kuti wavulala. Ndipo makamaka umuone mawa lake, ngati akukumbukira maraundi onse, ngati mutu sukumupweteka, ngati kuwala sikukumuvutitsa m'maso. Mayeso amenewa udziyese nawo wekha moona mtima. Mayi ako akuti utabwera kuchokera ku nkhonya yako yomaliza unawafunsa kawiri funso limodzimodzi pa chakudya chamadzulo, ndipo unagona tsiku lonse lotsatira makatani ali otseka. Iwe unati kunali kutopa chabe. Ine sindinakhulupirire, ndipo mpaka lero sindikukhulupirira.

Kupirira nkhonya kuli ngati nkhokwe imene umangotapamo osathiramo china, ndipo tsiku limene idzathere palibe amene amakuuziratu. Roy Jones Jr. anakhala zaka zambiri anthu akulephera ngakhale kumukhudza bwinobwino. Mu 2003 anakwera sikelo n'kulanda lamba kwa John Ruiz, kenaka anadzikakamiza kutsikanso, ndipo mu 2004 Antonio Tarver anamugwetsa mu raundi 2. Chaka chomwecho Glen Johnson anamukomolanso mu raundi 9, ndipo kuyambira pamenepo sanabwererenso mwakale. N'chifukwa chake nkhani ya sikelo ikundidetsanso nkhawa. Ndamva kuti mnzakoyo wavomera kuti umenye pa sikelo yotsika, ndipo ndikudziwa mmene mumachitira pofuna kupepuka msanga, kuvala mapulasitiki, kuthamanga padzuwa, kulavula malovu m'botolo ndi kudzimana madzi. Thupi louma motero silipirira chibakera mofanana ndi thupi la madzi okwanira. Mnzakoyo sadzauma nawe limodzi, koma gawo lake la ndalama adzalandira lathunthu.

Kumene ukupitakonso n'kokwera, mamita oposa 1,600, ndipo mpweya umavuta kwa mlendo. Lennox Lewis anafika mochedwa ku South Africa mu 2001, pamene Hasim Rahman anali atafika kale n'kuzolowera, ndipo ku Carnival City ku Brakpan Rahman anamugwetsa ndi chibakera chimodzi mu raundi 5. Munthu akatopa manja amatsika, pakamwa pamatseguka, ndipo nsagwada yotseguka sichedwa kugwedezeka. Uumirire kuti upite mofulumira, ngakhale mnzakoyo adandaule za ndalama zogonera.

Ukudziwa mmene ndimamukondera Ali, ndipo unakula ukundimva ndikusimba za ku Kinshasa mu 1974, pamene anatsamira zingwe n'kumusiya Foreman adzitopetse. Koma mu 1980 analandira zibakera za Larry Holmes maraundi 10 osagwa, mpaka mphunzitsi wake Angelo Dundee anaimitsa nkhonyayo, ndipo ndimalakalaka akanagwa msanga usiku umenewo. Ngati ukufuna womutsanzira, yang'ana Isaac Chilemba, mwana wa kwathu konkuno amene anakakhwimira ku South Africa komweko. Mu 2016 anatha maraundi 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia, anagwa mu raundi 7 n'kudzuka, ndipo chinamufikitsa kumapeto ndi kuzemba, kusuntha mutu ndi kuyenda bwino kwa mapazi. Iwenso luso limeneli unali nalo usanayambe kumvera mnzako uja.

Ndikupempha zinthu zochepa. Usanakwere basi ukaonane ndi dokotala, umuuze za mutu uja osabisa kanthu, ndipo akakuuza kuti upume, upume. Pa nkhonya zoyeserera usalole kuti akuikire anthu olemera kukuposa pofuna kuonetsa alendo kuti sugwa. Pakona pako pakhale mphunzitsi wako wakale, amene sangachite manyazi kuponya thaulo kuti nkhonya iime, ndipo mnzakoyo akhale pa mpando wa oonerera. Ukakana zonsezi ndidzakukondabe, koma usadzanene kuti bambo ako sanakuuze.

Mayi ako akupereka moni, ndipo akuti udutse kuno usananyamuke, adzakuone ndi maso awo. Ukabwera ubwere ndi mapepala amene wasayinawo kuti ndiwawerenge, koma mnzakoyo usabwere naye.

Ndine,
Bambo ako