Kalata kwa mdzukulu wanga wa ku Kawale

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Malingunde tadzuka bwino, kungoti agogo ako aamuna mwendo uja ukuwavutabe. Amayi ako akuti wawapanikiza ndi funso loti, bwanji mtsinje wa Lilongwe umafiira mvula ikangogwa? Iwo akutumiza kwa ine. Chabwino, tchera khutu.

Mtsinje umene umawoloka popita kumsika wa m'tauni uja umachokera kutali, kumapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Ukatsika kumeneko umadutsa kwathu kuno, komwe anautchinga ndi madamu awiri otchedwa Kamuzu Dam. Madzi amene umatunga pampopi ndi omwewo. A Water Board amangowasefa ndi kuthiramo mankhwala.

Ku Dzalanyama mvula ikamagwa imayamba yamenya masamba, kenako n'kudonthera pa masamba owola apansi, n'kumalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Mizu imagwira dothi kuti lisathawe. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pa akasupe m'chilimwe, mtsinje osaphwa. Koma pamalo podula mitengo mvula imagwa ngati pamutu wadazi, imangotsetsereka, dothi n'kutengera komweko. Kufiira ukuonako ndi dothi limenelo. Lina limakhazikika pansi pa damu, malo osungira madzi n'kumachepa. Lina limakwirira mazira a nsomba.

Odula mitengo ambiri ndi ootcha makala. Amasanja zipika, kuzikwirira ndi udzu ndi dothi, kuyatsa moto, uvuni n'kumafuka masiku angapo. Unawaonapo abambo aja pamsewu wa Likuni, akukankha njinga yosenza matumba mpaka kupitirira mutu wawo, thukuta lili kamukamu? Usadzawaseke. Nawonso ali ndi ana ofuna nsima ndi makope. Ndipo makalawo amathera pa mbaula za m'tauni, yanu ya pakhonde yomwe. Zinthu zinafika poipa moti mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo.

Chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi bowa. Bowa wa kuthengo sadzalidwa ngati chimanga ayi. Amamera pansi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, chifukwa timizu take timalukana ndi mizu ya mtengo: mtengo umampatsa chakudya, iye amauthandiza kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Ukagwetsa mtengowo, bowa nayenso amatha. Amayi ako ali msinkhu wakowu tinkadzaza lichero osafika patali. Lero ukapita pomwepo upeza zitsa zokhazokha. Njuchi nazo zikasowa maluwa ndi mphako zimasamuka, ndiye maungu athu awayendere ndani kuti abereke? Anyani akasowa zipatso amabwera kudzathyola mondokwa m'minda, anthu n'kumati ndi akuba.

Za majumbo otayidwa m'ngalande, amene amatseka njira ya madzi mpaka kusefukira m'nyumba, ukuzidziwa bwino kuposa ine. Jumbo la zitumbuwa uziika m'thumba mpaka ukafike kunyumba.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. Ndafesa nthangala za msangu ndi mbawa m'machubu kuseri kwa khola, zamera kale, koma mbuzi zikuzilondalonda. Uwauze amayi ako akubweretse sukulu ikatsekera, ukhasu wako ulipo. Usaiwale juzi, kuno m'mawa kumazizira. Upereke moni kwa abambo ako ndi kamchemwali kako.

Ndine,
Agogo ako aakazi