Za penshoni ya bambo a ana zija

Mnzanga,

Kaya kukuzizira bwanji ku Joni uko, kuno ku Lizulu ndiye usanene, mbatatesi yatsika mtengo moti tikungogulitsa kuti isaole basi. Unafunsa za nkhani yanga ija, ndiye ndikuuze ukwati unatha ndithu ku khoti ku Ntcheu boma.

Ankhoswe atakhala pansi anawerenga mbuzi, malata, njinga, mpaka mbale zakukhitchini, ndipo nyumba yakwathu ija bambo a ana anavomera kumaliza monga mwa mwambo wathu wa chikamwini, koma palibe ndi mmodzi yemwe anatchula penshoni, pomwe munthu uja wagwira ntchito zaka zonsezi akudulidwa 5 peresenti pa salale mwezi ndi mwezi, abwana ake nkumaikapo 10, ine ndili pamseu ndi beseni la kabichi kulipira ana fizi. Ndalama imeneyo ndi yake yekha? Ine ndinakana.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe ku kampani yosunga ndalamazo. Anandilandira bwino, sindinama, koma anati mayi akauntiyi ili m'dzina la bambowo, sitingakuuzeni ngakhale kuti muli zingati, bweretsani chikalata cha khoti. Komanso si ndalama yongotapa ngati ku banki mkhonde ayi, imakhala yotsekeredwa kudikira munthu apume pantchito. Thiransipoti yanga inangopita choncho.

Pano ndapita kwa a Legal Aid, andiwerengera ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko, yoti mkazi ukwati ukatha agawiridwe mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, ndi lamulo la maukwati la 2015 lija. Akuti ntchito ya pakhomo ndi kulera ana nazonso khoti limaziona, ndiye tikalembetsa kuti penshoniyo ilowe nawo pa zogawana. Apongozi akuti ndine wadyera. Azinena, ana atatuwa akudya kwa ine.

Koma chimene chandiseketsa, iweyo, pofufuza mapepala ndapeza fomu ya penshoni yanga ya nthawi ija ndinkagwira ku sitolo, pa olandira ndalama ndikamwalira ndinalembapo iyeyo yekha, ana osawaika olo mmodzi! Lolemba ndikasintha. Nawenso yako ya kuntchito uko uiyang'ane, paja aja munasiyana nawo chaka chatha unawalembapo ndithu ndikukumbuka.

Upereke moni kwa ana. Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko bulangete lija.

Ndine mnzako wa pa Lizulu