Nduna za boma lakale la Northern Ireland sizinali za anthu onse

A Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yomwe munalemba yoti boma lakale la Northern Ireland, la 1921 mpaka 1972, linkayenda bwino chifukwa nduna zake zinkamvana. Zikanalephera bwanji kumvana, pomwe pafupifupi zonse zinali za chipani chimodzi cha Ulster Unionist, cha Apulotesitanti ofuna kuti derali likhalebe pansi pa United Kingdom? Kwa zaka 50 munalibe Mkatolika ngakhale mmodzi pakati pa ndunazo, mpaka mu 1971 pomwe nduna yaikulu Brian Faulkner anasankha Mkatolika G. B. Newe. Mayi anali mmodzi yekha, Dehra Parker.

Ndimasamalira okalamba kuno ku Belfast. Agogo ena ochokera ku Derry, mzinda womwe anthu ambiri ndi Akatolika, amandiuza, ndikamawaveka sokosi m'mawa, kuti anakulira m'chipinda chimodzi ndi abale awo onse, akudikira nyumba ya khonsolo yomwe sinabwere. Masiku amenewo, wopanda nyumba analibenso voti pa chisankho cha khonsolo. Ndunazo zinkadziwa, koma zinatseka makutu mpaka anthu anayamba kuguba m'misewu mu 1968.

Amene akufuna kusintha dongosolo logawana mipando ya unduna, lomwe linabwera ndi pangano la mtendere la Good Friday mu 1998, achotse mphamvu yoti chipani chimodzi chikanyanyala boma lonse liime. Koma mipandoyo ipitirire kugawidwa kumbali zonse ziwiri: ofuna kukhalabe mu United Kingdom, omwe ambiri ndi Apulotesitanti, ndi ofuna kuphatikizana ndi dziko la Ireland, omwe ambiri ndi Akatolika.

Wowerenga wanu,
Belfast