Musiye mwanayo akagone ndi anzake

Mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa pa foni paja sitinamvane. Iwe unkalankhula, inenso ndinkalankhula, mpaka mayunitsi anatha. Kuno tili bwino, kupatula bondo lija.

Wati mdzukulu wanga akapita ku yunivesite ku Zomba akakhale kwa azakhali ake, azipita ku kalasi m'mawa n'kumabwerera madzulo, kuti anyamata asamusokoneze. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Pali nkhani yanga imene sindinakufotokozerepo yonse.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965 ku Chichiri, ndi ophunzira 90 okha. M'mbuyomo wofuna digiri ankachita kutuluka m'dziko, kupita ku Makerere, ku Fort Hare kapena ku Salisbury. Kwa mnyamata unali ulendo wovuta kale, nanji mtsikana. Ndiye pamene dzina langa linatuluka mu 1967, agogo ako anagulitsa mbuzi ziwiri, nandigulira bokosi la chitsulo, nsapato ndi simbi ya makala. Mashiling'i otsala anawamanga pa kansalu, kwacha isanabwere. Ndinakwera sitima pa Balaka mpaka ku Limbe, mtima uli m'mwamba.

Koma abale anakhala pansi n'kugwirizana zomwe iwe ukunenazi. Mtsikana sangagone pamalo podzaza anyamata, akakhale kwa amalume ake ku Ndirande. Ndinapitadi.

Amalume ndi akazi awo sanali anthu oipa, usandimve molakwa. Koma pakhomo pakakhala mtsikana wamkulu, ntchito imamudziwa yokha. Tambala woyamba ndinali nditadzuka, kukatunga madzi, kutereka osamba, kuphikira ana phala. Ndikafika ku Chichiri, wapansi, phunziro loyamba lili pakati. Madzulo nsima ya anthu asanu ndi anayi, kenako mbale. Ndikati ndiyatse koloboyi nditsegule buku, ndimve kuchipinda akuti palafini akutha msanga masiku ano. Sankandikalipira ayi, ankangonena. Ine ndinkazimitsa. Amati mlendo ndi mame, koma mlendo wa zaka zinayi salinso mame, ndi wantchito amene salandira malipiro. Nkhani yoyamba ya mbiri yakale imene ndinalemba inabwerera ili yofiira ndi inki, ine amene ku sekondale ndinkakhala nambala wani. Ndinalira njira yonse.

Anandipulumutsa ndi agogo ako aakazi, omwe sanaponde m'kalasi. Ndinawalembera kalata, mphunzitsi wa m'mudzi anawawerengera, ndipo anayankha mawu ochepa: mbuzi zanga sindinagulitsire kuti ukatsuke mbale. Teremu yachiwiri ndinanyamula bokosi langa kukagona pa koleji.

Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti koleji n'chiyani. Nyale ya magetsi yoti palibe amene akuwerengera. Laibulale yoti ukhoza kukhalamo mpaka maso atawawa. Koma choposa zonse anali mnzanga wa m'chipinda, mtsikana wa ku Rumphi. Poyamba tinkalankhulana Chingerezi chokhachokha ngati azungu. Chiperoni chikabwera mu June tinkaphatikiza mabulangete n'kumafunsana mafunso a mayeso mpaka pakati pa usiku. Mu 1968 boma litalengeza kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi, ine ndinasangalala. Iye anakhala pa bedi osalankhula, kenako anandifunsa monong'ona kuti amayi ake azimva bwanji nkhani. Tinkanong'ona, poti masiku amenewo zoterezi sunkazinenera pamtunda. Funso limenelo palibe mphunzitsi anandifunsapo, ndipo ku Ndirande sindikanalimva.

Za anyamata sindikunamiza. Analipo, ochuluka kutiposa kwambiri, ndipo ena ankatiyang'ana ngati talowa m'bwalo la amuna. Ukakweza dzanja m'kalasi, kumbuyo kumveke kaphokoso. Makalata achikondi ankabwera, ena okopera m'mabuku, zolakwika ndi zomwe. Ena mwa atsikana a nthawi yathu anatenga mimba, maphunziro n'kuthera pomwepo, mnyamata n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Zimenezo zimandipwetekabe. Koma amene ankatiteteza sanali amalume kapena mpanda. Tinali ife tokha. Wina akachedwa kubwera, tinkamudikira osagona. Wina akayamba kuzunguzika mutu, tinkamukhazika pansi n'kumuuza zoona, zimene azakhali sangauzidwe n'komwe, poti mwana saulula zotere kwa akuluakulu. Ndiponso usaiwale kuti bambo ako ndinawapeza konko. Ukanabadwa bwanji ndikanatsekeredwa ku Ndirande?

Ife Zomba sitinaione, poti Chancellor College, koleji yathu ya ku Chichiri ija, inasamukira kumeneko mu 1973, ine ndili pa ntchito kale. Ndikudziwa kuti lero ophunzira achuluka, ndipo zipinda za pa sukulu sizikwanira onse. Akapanda kupeza malo, mufunefune nyumba ku Chikanda kapena kwina kufupi, ya chitseko cholimba, akhale ndi atsikana anzake awiri kapena atatu. Upite wekha ukaione, ukalankhule ndi eni ake. Kwa azakhali azipita Lamlungu, akadye nkhuku, abwerere dzuwa lisanalowe. Ubale ukhala bwino motero.

China, foniyo. Ine kalata ya kumudzi inkandipeza kamodzi pa mwezi, ndipo ndinkaiwerenga kasanu. Iwe ukamamuimbira m'mawa, masana ndi usiku kumufunsa ali pati, aphunzira kukunamiza basi. Muimbire Loweruka, ndipo umusiye azilankhula iyeyo.

Apongozi akavuta pa nkhani ya ndalama ya nyumba, uwauze kuti teremu yoyamba ndilipira ine. Ndagulitsa mtedza. Bokosi la chitsulo lija likadali kunsi kwa bedi, loko yekha ndi amene anafa. Ndikudziwa aliseka, koma umufunse ngati akulifuna.

Ndine mayi ako.