Kalata ya Ulendo wa ku Cape Maclear

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mangochi tonse tili bwino, kungoti kutentha kwa Okutobala kwafika poti ophunzira akumasinza m'kalasi dzuwa lisanafike paliwombo. Ndalemba kuti ndikuuzeni za ulendo umene ndinayenda Loweruka lapitali ndi mphunzitsi mnzathu wa ku Japan, amene amaphunzitsa masamu ndi sayansi pasukulu pathu. Iye ndi mmodzi mwa antchito odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, amene anayamba kubwera ku Malawi mu 1971, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze ku Cape Maclear asanabwerere kwawo.

Tinalawirira m'mamawa pa minibasi yopita ku Monkey Bay, kenaka tinakwera njinga zamoto za kabaza kudutsa m'mapiri a kwa Nankumba, mumsewu wokhotakhota uja umene umathera m'mudzi wa Chembe. Tisanapite kumadzi tinaima pa manda a amishoni a Livingstonia, amene anakhazikika pamalopo mu 1875 ndi kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa, ndipo mnzangayu anawerenga mwakachetechete dzina la Dr William Black, amene anamwalira mu 1877. Pambuyo pake tinakwera bwato mpaka pafupi ndi chilumba cha Thumbi, kumene anaona mbuna zamawangamawanga zikusambira pakati pa miyala. Nsomba zimenezi ndizo zinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kuti UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, iike malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Komabe chimene chandikhalitsa pansi kulemba kalatayi ndi nkhani ya anyani. Masana tikuyenda cha ku Otter Point tinapeza gulu lalikulu la anyani litakhala m'mphepete mwa njira, ena atabereka ana kumsana, ena akutolana nsabwe, pamene apusi anali kulumpha m'mitengo chapatali. Posakhalitsa panafika galimoto ya alendo amene anatsitsa magalasi n'kuyamba kuponya nthochi ndi buledi kuti ajambule zithunzi zabwino. Anyani onse anakhamukira pagalimotoyo akulimbana okhaokha, ndipo nyani wamkulu wamphongo anakwera pamwamba pake, analowetsa dzanja pawindo n'kutsomphola jumbo yonse ya chakudya, mwana amene anali mkatimo akulira ndi mantha.

Ine ndinkayembekezera kuti mlendo wathu asangalala ngati mmene azungu ambiri amachitira, koma iye anakwinya nkhope, anabisa chakudya chake m'chikwama, ndipo anandichenjeza kuti ndisamuyang'ane nyaniyo m'maso chifukwa amaona ngati ukumuputa. Anandifotokozera kuti kwawonso kuli apusi a m'mapiri, ndipo ku Jigokudani m'chigawo cha Nagano anthu amapita kukawaona akusamba m'madzi otentha a pakasupe m'nyengo yozizira, koma alendo saloledwa kuwapatsa chakudya ngakhale kuwakhudza. Anati alimi a m'madera ena a dzikolo amataya mbewu zambiri, mwakuti amatchinga minda ndi mawaya a magetsi ndi kuphunzitsa agalu kuti azipirikitsa apusiwo kubwerera kunkhalango. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndinaona kuti mtsikanayu analimvetsa vuto lathu msanga kuposa anthu ena a m'tauni obadwira konkuno.

Madzulo tinacheza ndi mayi wina amene ankayanika usipa pathandala m'mphepete mwa nyanja. Iwo anatiuza kuti nyani wozolowera kulandira chakudya m'manja mwa munthu sachitanso mantha, amalowa mpaka kukhitchini ndi kuvundukula mphika, ndipo saopa mayi kapena mwana ngati mmene amaopera bambo. Anaonjeza kuti chimanga chikayamba kukhwima, wina ayenera kukhala kumunda kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo kawirikawiri ntchito imeneyi imagwera ana. Achemwali, inu munagwirapo choko ndipo mukudziwa tanthauzo la mwana kujomba masabata angapo m'chigawo chachiwiri cha sukulu. Mudzi wa Chembe wazunguliridwa ndi malo otetezedwa kumene kupha nyama n'koletsedwa, choncho anthu alibe chochita koma kulondera ndi kukuwa.

Ine sindikudana ndi anyaniwo, pakuti mapiri amenewa ndi kwawo ndipo alendo amene amabwera kudzawaona amabweretsa ndalama kwa eni mabwato, ogulitsa ziboliboli ndi ogwira ntchito m'malo ogona. Chimene chikundipweteka n'chakuti woponya nthochi amachoka tsiku lomwelo ndi chithunzi chake, pamene khalidwe limene waphunzitsa nyamayo limatsalira mayi wa usipa uja ndi ana ake. Ndikuona kuti madalaivala ndi anyamata operekeza alendo ndiwo angathandize kwambiri, chifukwa mlendo amamvera amene akumutsogolera.

Pobwerera, mnzangayu anati akufuna kukonza phunziro la Fomu 2 lokhudza mmene nyama zakutchire zimasinthira khalidwe zikazolowera anthu, ndipo ine ndinamuuza kuti kwanuko anyani amalowa m'nyumba ku Simon's Town ndi ku Kommetjie, kuti kuli anthu olembedwa ntchito yowabweza kuphiri, ndiponso kuti kuwadyetsa ndi mlandu. Chonde mutilembere zimene mwaona ndi maso anu, makamaka mmene anthu amasungira zinyalala kuti anyani asazifikire, ndipo ngati mungajambule chikwangwani chochenjeza alendo mutitumizire pa WhatsApp mwezi uno usanathe, kuti ophunzira akachione m'kalasi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Mangochi.